Makina Amene Anaphunzira Ntchito kwa Nduna

M'dziko la Tidzaona nduna sinkachotsedwa ntchito. Mfumu Sindilakwa Wachiwiri inali ya mtima wofewa, sinkafuna kuona munthu wamkulu akulira. Nduna ikalakwa, ankangoibweza m'mbuyo mpando umodzi.

Mipando ya m'bwalo la mfumu, mumzinda wa Dikirani, inandandalikidwa kuyambira pambali pa mfumuyo mpaka pakhomo. Woyamba unali wa khushoni yofiira, wotsamira bwino, wokhala ndi poika mikono. Ukamapita m'mbuyo khushoni inkapyapyala, kenaka n'kutheratu, poika mikono n'kusowa, mpaka kufika pa wotsiriza, kabenchi kogwedera komwe chitseko chinkamenya bondo la wokhalapo nthawi iliyonse munthu akalowa. Wolakwa ali pa kabenchi ameneka analibenso kobwerera. Ankasanduka Nduna Yoyimirira. Ulemu unkakhalapo, galimoto inkakhalapo, koma misonkhano yonse ankaimvera pakhonde ali chilili, akusuzumira pawindo. Ndipo misonkhano ya ku Tidzaona inkayamba m'mawa n'kutha nkhuku zikulowa m'khola.

Pa kabenchi kaja pankakhala a Zakeyo Kamwendo, Nduna ya Zolumikiza ndi Zomangirira. Anali bambo wamfupi, wathupi, wa mawondo olira ngati geti losowa girizi. Kale ankakhala chapakati, pomwe khushoni inali ikadalipo pang'ono. Koma tsiku lina anayasamula mfumu ikulankhula. Tsiku lina anaomba m'manja mfumu isanamalize nthabwala. Chaka china anamanga mlatho pamalo pomwe mfumu inaloza, mtsinje osabwera. Basi, anapezeka pakhomo. A Kamwendo sankalakalaka zambiri pa moyo wawo. Ankangofuna kukhala pansi.

Ndiye mfumu, ikudutsa pa galimoto, inaona mayi wina atasenza thumba la makala, thumbalo n'kuitchingira phiri lomwe inkafuna kuona. Inamva chisoni. Inalamula kuti mitu ya anthu ake ipume, khomo lililonse lilandire wilibala. Anamanga fakitale ku dera la Tiyesenso, n'kuitanitsa makina kutsidya kwa nyanja yamchere. Makinawo anabwera ndi injiniya, Mayi Esinala Chikhosi, mwana wa ku Tidzaona komweko amene anakaphunzira kunja. Ntchito yonseyo inagwera mu unduna wa a Kamwendo.

Mayi Chikhosi anaima pakati pa bwalo n'kufotokoza. Anati makinawa ndi lamba wautali woyenda yekha, ndipo m'mbali mwake muli manja achitsulo ambirimbiri oyenda pa tinjanji, dzanja lililonse ndi kadiso kake. Dzanja limatha kuvula zala zake n'kuvala zina: lero sipanala, mawa chowotcherera, mkuja burashi ya penti. Ukawauza kuti wilibala, manjawo amakambirana okha kudzera m'mawaya, n'kugawana poima ndi choyamba kuchita. Ukawauza kuti njinga kapena bedi, amasinthana malo okha, popanda munthu kugwira sipanala. Za mabawuti ndi zitsulo anabwera akudziwa kale. Chotsala chinali chimodzi: aphunzire kagwiridwe ka ntchito ka kuno, kuti anthu amagawana bwanji ntchito, amayamba nthawi yanji, china chikalakwika amatani. Pa chifukwa chimenecho panali diso lina lalikulu, loti likapachikidwe pomwe anthu amagwira ntchito, lizingoona. Mayiyo ankaganiza za owotcherera zitsulo a mu msika wa Tangopirira.

A Filimoni Dzoole, Nduna ya Zokometsa Mawu, amene ankakhala pa khushoni yofiira, anadzuka pang'onopang'ono. Anafunsa ngati anamva bwino, kuti makina a mfumu akaphunzire kwa anthu opukuta mamina ndi kuseri kwa dzanja. Anafunsanso bwalo lonse kuti kodi m'dziko muno ntchito yeniyeni imagwiridwa kuti. Nduna zonse zinayang'ana mfumu. Mfumu, modzichepetsa, inayang'ana kudenga. Inkakonda kuyang'ana kudenga.

Atafunsidwa maganizo monga mwini wa unduna, a Kamwendo anamva kabenchi kakugwedera pansi pawo. Anati a Dzoole awalanda mawu m'kamwa.

Potuluka Mayi Chikhosi anawagwira malaya.

"Bwana, makinawa sasankha. Zimene aone, atenga."

"Ndiye zili bwino, mayi," anatero a Kamwendo. "Aone za akuluakulu."

Diso lija analipachika pamwamba pa chitseko cha bwalo, pamutu penipeni pa a Kamwendo. Linakhala pamenepo dzinja lonse, osaphethira.

Mvula itatha analitsitsa, n'kupita nalo ku Tiyesenso, n'kutsanulira zonse zimene linaona m'mutu mwa makina. Mufakitalemo anali atapachikamo kale chithunzi cha mfumu. Pa zithunzi lamulo la ku Tidzaona linali lolimba. Denga limodzi, chithunzi chimodzi, poti ziwiri zikanatanthauza mafumu awiri. Ndipo wochikhudza ankayenera kukhala nduna basi. A Kamwendo anachipachika okha, atakwera makwerero mawondo akulira. Anachiika m'mwamba kwambiri, chingwe chinafupika, chithunzicho n'kupendekera chagada, nkhope ikuyang'ana malata.

Mayi Chikhosi anadina batani n'kuuza makina kuti wilibala.

Manja sanagwedezeke. Dzuwa linakwera, anyamata onyamula zitsulo anayamba kusewera bawo pansi, manja ali duu. A Kamwendo anafunsa ngati magetsi azima. Mayi Chikhosi anayang'ana pa galasi lake lolembapo zochitika n'kunena kuti ayi, makina akuti akudikira mlendo wolemekezeka.

Chakumasana manja anadzuka. Anayenda pa tinjanji tawo n'kundandalika kuyambira pansi pa chithunzi mpaka pakhomo, lalikulu patsogolo, kakang'ono kumapeto. Anaomba zikhatho zachitsulo, phokoso lake mbalame zinathawa padenga. Kenaka dzanja lalikulu linayamba kupukusa chala m'mwamba, uku ndi uku, nthawi yaitali, pomwe ena onse anaweramira pansi ngati mpiru wofota. A Kamwendo anaima pakhomo akuona zonsezi, ndipo mumtima anavomera kuti makinawo anaphunziradi bwino.

Dzuwa litapendeka, dzanja lina linatola bawuti. Bawutiyo inapulumuka n'kugwa pansi. Lamba anaima. Manja onse anatembenukirana, mawaya akung'ung'udza, ndipo posakhalitsa kusinthana kunayamba. Lopaka penti linapita kowotcherera. Lowotcherera linapita kopopa matayala. Lopopa matayala analikweza kukhala loyang'anira anzake. Kadzanja kakang'ono ka kumapeto, komwe sikanakhudze n'komwe bawutiyo, anakakankhira kunja kwa chitseko, pomwe kanjanji kake kankathera. Kanaima pakhonde, kadiso kake kakusuzumira pawindo.

Bawuti ija inatsala pansi pomwe inagwera.

A Kamwendo anayang'ana kadzanjako nthawi yaitali. Kenaka anavula chipewa chawo n'kukaveka, kuti dzuwa lisakawombe.

Zinkachitika choncho tsiku ndi tsiku. Makina ankadzikonza okha monga momwe Mayi Chikhosi analonjezera, mwinanso kuposa pamenepo, poti ankadzikonza m'mawa, masana ndi madzulo. Pomaliza penipeni, mosadziwika bwino, kumapeto kwa lamba kunatuluka chinthu. Chinali ndi beseni la wilibala lopakidwa penti bwino. Chinali ndi zogwirira kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali monse. Tayala chinalibe. Mayi Chikhosi anati palibe dzanja lomwe linavomera kuwerama kuti limange tayala, onse ankafuna kupanga chogwirira, poti chogwirira ndicho chimatsogolera.

Zinthu zoterezi zinatuluka zingapo, ndipo a Dzoole analengeza pa wailesi kuti dziko la Tidzaona latulukira wilibala yosaphulika tayala. Zina anazitumiza ku msika wa Tangopirira kuti anthu azione.

A Kamwendo anafika ku msikako Loweruka, kudzagula mankhwala opaka m'mawondo. Anavala jekete lakale kuti asadziwike, koma aliyense anawadziwa ndi kayendedwe. Anapeza anthu atazungulira chinthu chija. Mayi Edesi, wogulitsa tomato, anali atayalamo kale tomato wake, ndipo ankauza anzake kuti boma lino limaganizira anthu, poti tebulo lakale ankaliba, koma ili palibe wakuba angalikankhe. Bambo wina wonyamula katundu anati iye wasangalala, ulova watha, chifukwa thumba lomwe ankasenza yekha tsopano lizifuna amuna asanu ndi mmodzi, aliyense ndi chogwirira chake, aliyense kukokera kwawo. Wogulitsa mankhwala anakulunga kabotolo m'nyuzipepala n'kupereka ndi manja awiri.

"Mutenge awiri, bwana," anatero mwaulemu. "Akuti simenti ya pakhonde paja ndi youma."

Ndiye kuti mbiri inali itafika kale. Mfumu inali italengeza kuti pa Tsiku Lothokoza Mfumu ibwera yokha ku Tiyesenso kudzalandira wilibala yoyamba ya tayala, ndipo ikapanda kuiona, wina adzaimirira.

Kunyumba nako sikunali kozizira. Akazi awo, a Nachanza, anawakumbutsa kuti mwambo umati mkazi wa Nduna Yoyimirira nayenso amaimirira, pa ukwati, pa maliro, ngakhale ku tchalitchi. Anati iwo anapirira kuchoka pa khushoni, anapirira kuseka kwa akazi a a Dzoole, koma zoimirira pa maliro a eni ake ngati mtengo wa magetsi, zimenezo ayi.

"Mukaimirira inu, a Kamwendo, ine ndikakhala pansi kwa amayi anga."

Mayi Chikhosi anali ndi njira. Anati n'zosavuta: afufute zonse zimene diso linaona ku bwalo, makina ayambirenso. A Kamwendo anayang'ana kumanzere ndi kumanja, n'kutseka chitseko cha ofesi.

"Mufufute nzeru za bwalo la mfumu? Pa dzina langa? Mayi, kodi ndinakulakwirani chiyani?"

Mayiyo anangokweza mapewa n'kubwerera ku galasi lake.

Tsiku la mfumu litayandikira, anayamba kukonza fakitale monga amachitira ku Tidzaona. Anapaka laimu miyala, mitengo, ndi galu wina amene anagona pafupi ndi miyalayo. A Kamwendo anaona kuti chithunzi chadzaza fumbi ndi akangaude. Popeza panalibe nduna ina, anakweranso makwerero, n'kuchitsitsa, n'kuchipukuta ndi mpango wawo. Kenaka anachikumbatira pamimba, nkhope ya mfumu ikuyang'ana kutsogolo, n'kutembenuka kuti afunefune chingwe chabwino.

Dzanja lomwe linali patsogolo pawo linadzidzimuka. Linatola bawuti ija yomwe inakhala pansi nthawi yonseyi, n'kuimanga, n'kutola ina, n'kumanganso, changu chake ngati likuthawa moto. A Kamwendo anachita mantha n'kutembenukira kwina. Dzanja lija linafota nthawi yomweyo, koma loyandikana nalo, lomwe tsopano linali pamaso pa chithunzi, linayamba kuwotcherera mpaka nthethe kuthetheka.

Mayi Chikhosi anaseka mpaka kukhala pa bokosi. Atapuma anafotokoza kuti diso lija linaphunziranso chinthu china ku bwalo: nduna imagwira ntchito pokhapokha mfumu ikuiyang'ana. Chithunzi chili pakhoma chinkayang'ana malata, choncho manja ankadziwa kuti ndi nthawi yopuma.

"Tayendani nacho, bwana. Pang'onopang'ono, motsatira lamba."

A Kamwendo anayenda. Pomwe afika, dzanja linkadzuka n'kugwira ntchito yake. Akadutsa, linkagona. Ngakhale dzanja lalikulu la patsogolo, litaona nkhope ya mfumu pafupi, linawerama mpaka pansi n'kumanga tayala, n'kulipukutanso. Atafika kumapeto kwa lamba, thukuta lili kamukamu, wilibala inatsetsereka n'kuima patsogolo pawo. Zogwirira ziwiri, tayala limodzi. Mnyamata wina anaikankha, inayenda.

A Kamwendo anakhala pansi pa simenti n'kupumira m'mwamba. Makina onse anakhala chete, kudikira.

Pa Tsiku Lothokoza Mfumu kunabwera ng'oma, amayi ovala nsalu za nkhope ya mfumu, ndi nduna zonse, aliyense wantchito atamunyamulira mpando wake. Chithunzi anachiphimba ndi nsalu, poti mwini nkhope anali momwemo. A Kamwendo sanade nkhawa. Ngati manja ankaopa pepala, nanga mwini wake?

Koma mfumu itakhala pansi, a Dzoole anayamba kulankhula, ndipo mfumu inayang'ana kudenga. Manja onse anawerama. Mayi Chikhosi anadina batani, palibe chinachitika. A Dzoole anamwetulira n'kuyang'ana nsapato za a Kamwendo. Patali, pakati pa amayi, a Nachanza anayamba kumanga chitenje molimba ngati munthu wa paulendo.

A Kamwendo anachita chinthu chomwe sanachitepo. Anadzuka pa kabenchi kawo asanaitanidwe, n'kuyenda mpaka kutsogolo, n'kugwada. Mawondo analira, fakitale yonse inamva.

"Mfumu yanga, zitsulozi n'zamwano, sizimva munthu wamba. Ndikupempha diso lanu ligwere pa dzanja ili."

Mfumu inatsitsa maso n'kuyang'ana. Dzanja linalumpha n'kuyamba kumanga mabawuti. Mfumu inayang'ana lina, nalonso linalumpha. Inatseka maso, onse anagona. Inatsegula diso limodzi, dzanja limodzi linadzuka. Mfumu inaseka ngati mwana. Inadzuka n'kuyenda motsatira lamba, nduna zikuthamanga pambuyo pake ndi mipando, mpaka wilibala inatuluka. Amayi analulutira. Mfumu inati yakhala ikudziwa kuyambira kale kuti diso lake lili ndi mphamvu, koma panalibe nduna yolimba mtima yoti iiuze.

Pomwepo inagamula. A Zakeyo Kamwendo akwere kuchoka pakhomo mpaka pa khushoni yofiira. Ena onse abwerere m'mbuyo mpando umodzi, kuyambira a Dzoole.  A Kamwendo anayang'ana mpandowo uli apo, wofiira, wonenepa, poika mikono pakunyezimira.

Kenaka mfumu inati yatopa, miyendo ikupweteka, ndipo singamabwere ku Tiyesenso tsiku lililonse. Inafunsa kuti nanga mawilibala a makomo onse atuluka bwanji. Mayi Chikhosi anafotokoza za chithunzi, n'kuwonjezera kuti angathe kuchiika pa kanjanji kake kuti chiziyenda chokha.

A Dzoole, amene anali atangoyesa mpando wachiwiri n'kuupeza wolimbirapo, anadzuka pang'onopang'ono. Anafunsa ngati anamva bwino, kuti nkhope ya mfumu izikhwekhwerezedwa pa mawilo ngati thumba la makala. Anati nkhope yotere imayenera kunyamulidwa pachifuwa, ndi manja a nyama, ndipo osati ndi nduna wamba ayi, koma nduna yoyamba m'dziko lonse. Anatembenukira kwa a Kamwendo n'kuwaweramira mwaulemu waukulu.

Nduna zonse zinayang'ana mfumu. Mfumu inayang'ana kudenga, n'kugwedeza mutu kuvomera. Inawonjezera kuti fakitale isaime dzuwa likadali kunja, kufikira khomo lililonse litalandira. Ndipo ku Tidzaona makomo ankachuluka chaka ndi chaka, poti anyamata ankakwatira msanga kuti alandire wilibala.

Kuyambira pamenepo mawilibala anadzaza m'dziko. Makala ankayenda pa wilibala, odwala pa wilibala, oledzera pa wilibala. A Nachanza ankakhala kutsogolo pa ukwati uliwonse, ngakhale womwe sanaitanidwe. M'bwalo la ku Dikirani mpando wofiira unkapukutidwa m'mawa uliwonse, ndipo palibe ankaloledwa kuukhudza, poti unali ndi mwini wake.

Mwini wakeyo ankayenda ku Tiyesenso, chithunzi pamimba, kuchoka kukhoma kufika pakhomo, kuchoka pakhomo kufika kukhoma. Makinawo, pokhala odzikonza okha, anaona kuti nduna imatsimphina, choncho anatalikitsa lamba kuti manja azipuma mokwanira ndunayo isanabwerere. Akafika pakhomo, a Kamwendo ankaima pang'ono n'kuonetsa chithunzi kwa kadzanja ka pakhonde kaja, komwe kanali kakadavala chipewa chawo. Kankagwedezeka mwachangu, kakumanga mabawuti a mumphepo, poti ntchito kanalibe. Dzuwa likalowa, anyamata ankawanyamula pa wilibala kupita nawo ku galimoto, miyendo ili lendelende.

Madzulo ena anapempha kuti awadutsitse ku Tangopirira, mankhwala a mawondo anali atatha. Anyamatawo anawaimika pafupi ndi Mayi Edesi, amene ankagulitsabe tomato m'chinthu chopanda tayala chija. Mayiyo anagwada pang'ono, n'kuwapatsa moni wa nduna yoyamba, n'kufunsa za kunyumba. Kenaka anatsitsa mawu, nati pali chinthu chimodzi chomwe msika wonse umafuna kudziwa.

"Kodi bwana, mpando wofiira uja, umamveka bwanji munthu ukaukhalira?"

A Kamwendo anadzikonza m'beseni la wilibala, n'kusisita bondo.

"Akuti ndi wofewa," anatero.